Ophunzira Zamalonda ku Pretoria: Kodi Adzalembedwa Nchito, Kapena Adzalemba Anzao?



Mwezi wa October ukafika, mzinda wa Pretoria umasintha maonekedwe. Mitengo ya jakaranda, yomweyo imene muidziwa inu a ku Harare ndi a ku Blantyre, imachita maluwa m'miseu monse, ndipo maluwawo amayoyoka mpaka munthu kusowa poponda. Nyengo yomweyo ndiyo yokonzekera mayeso. Ophunzira a pa Yunivesite ya Pretoria ali ndi kachikhulupiriro kao koseketsa, kakuti duwa la jakaranda likakugwera pamutu, ndiye kuti mayeso wakhoza. Ine sindiwatsutsa, popeza ambiri amakhozadi. Funso langa liri pa zimene zimachitika pambuyo pake, maluwa atatha, mnyamata kapena msungwana atatenga digiri yake ya zamalonda, nayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi envulopu m'khwapa.

Ofesi ya Boma la South Africa yowerengera anthu, imene iri mu Pretoria momwemo, inalengeza kuti m'miyezi itatu yoyamba ya chaka cha 2024, mwa anthu 100 alionse ofuna nchito, pafupifupi 33 analibe nchito. Pakati pa achinyamata a zaka 15 kufikira 34, osowa nchito anapitirira 45 mwa 100 alionse. Amene ali ndi digiri zinthu zimawayendera bwinoko kuposa anzao, komabe naonso alipo ambiri amene akungokhala. Taganizani, limeneli ndi dziko lija makolo athu ankalipitira ndi Wenela, dziko limene ife timaliyesa la ndalama. Ngati kumeneko nchito zaperewera chotere, nanga kwathu kuno? Nchifukwa chake ndayesa kuti nkwabwino tione zimene sukulu zazikulu za ku Pretoria zikuchita pa bvuto limeneli, popeza ana athu enanso akuphunzira komweko, ndipo sukulu zathu ziri pa njira yomweyo.

Pretoria, amene boma lake la mzinda litchedwa Tshwane kuyambira chaka cha 2000, ndi mudzi wa ophunzira. Kuli Yunivesite ya Pretoria, imene inayamba mu 1908 nikhala yoima payokha mu 1930. Kuli Unisa, imene yakhala ikuphunzitsa anthu mwa makalata kuyambira 1946, ndipo aphunzitsi ndi akalaliki ambiri a maiko athu atatuwa anapeza madigiri ao kumeneko ali khale pa makomo pao. Kulinso Tshwane University of Technology, imene inapangidwa mu 2004 pophatikiza sukulu zitatu za luso. Sukulu zonsezi ziri ndi chigawo cha zamalonda, kumene ophunzira zikwizikwi amaphunzira kusunga mabuku a ndalama, malamulo a makampani, misonkho, kayendedwe ka chuma ndi kayang'aniridwe ka anchito.

Maphunziro amenewa ngabwino, ndipo wina asandimve ngati ndikuwanyoza. Koma tayang'anitsitsani chimene amamkonzera wophunzira. Amamphunzitsa kusunga mabuku a sitolo imene wina anaimanga kale, kuwerengera phindu la katundu amene wina anamganizira kale, ndi kuyang'anira anchito amene wina anawalemba kale. Zonsezi zifuna kuti pakhale munthu woyambayo. Tsono ngati sukulu itulutsa osunga mabuku chikwi chimodzi chaka ndi chaka, koma osatulutsa ndi mmodzi yemwe woyambitsa malonda, mabukuwo adzakhala a yani?

Pano ndiyenera kuulula tchimo langa. Ndisanayambe nchito ino ndinali mphunzitsi, ndipo m'kalasi langa la Sitandade 7 munali mnyamata wina wachete, wosaoneka wanzeru kwenikweni pa mayeso. Tsiku lina ndinamgwira akugulitsa mapensulo kumbuyo kwa kalasi. Iyeyo anaona kuti anzake amataya mapensulo kawirikawiri, ndipo kuti ambiri sakhala ndi ndalama yokwanira pensulo lathunthu. Choncho ankagula pensulo limodzi, nalidula pakati, nasongola zidutswa zonse ziwiri, nagulitsa chidutswa chiri chonse pa mtengo wopitirira theka pang'ono. Ine ndinamlanda katundu wake yense, ndi kumpatsa chibalo chotchetcha udzu. Mlungu womwewo ndinaima pa bolodi ndi kuphunzitsa masamu a phindu ndi kutayika kwa ndalama, ndi zitsanzo za munthu wongopeka wogula mbuzi. Sindinazindikire konse kuti m'kalasimo munali munthu mmodzi yekha amene ankaidziwa nkhaniyo ndi manja ake, ndipo kuti ndiye amene ndinamtuma kukatchetcha. Aphunzitsi anzanga amene mukumvera, ndikhulupira kuti sindiri ndekha.

Koma mlandu suli wa aphunzitsi okha iai. Ku South Africa, kwa zaka zambiri, lamulo lenilenilo linali kuletsa munthu wakuda kukula pa malonda. Mu 1963 Boma la nthawi imeneyo linatulutsa kalata yolamula kuti wamalonda wakuda wa m'makomboni asakhale ndi malonda oposa amodzi, agulitse zofunika za tsiku ndi tsiku zokha, ndipo asapange kampani kapena kuphatikiza ndalama ndi anzake. Munthu wanzeru akanachitanji? Anauza mwana wake kuti: phunzira, ukakhale mphunzitsi, namwino kapena kalaliki. Kwathu kuno malamulo sanali ofanana ndi amenewo, komabe ife tonse tinakula tikudziwa kuti sitolo yaikulu ndi ya Mmwenye kapena ya Mzungu, ndipo kuti ulemu wa munthu wophunzira uli pa tebulo la mu ofesi. Malamulowo anachoka, koma maganizo amene anabzala adakalipo m'mitima ya makolo ndi ya ana.

Ngakhale zinali chomwecho, alipo ena amene anaboola mpanda, ndipo awiri mwa iwo nkhani zao zinachitikira pafupi ndi Pretoria. Mu 1964 amalonda akuda anasonkhana ku Orlando, ku Soweto, nakhazikitsa bungwe la NAFCOC. Dandaulo lao lalikulu linali lakuti mabanki sawakongoza ndalama. Pamsonkhano womwewo anaganiza zoyambitsa banki yaoyao, nasonkha ndalama, ndipo zimene zinapezeka zinali R70 basi, pamene zofunika zinali R1 miliyoni. Ambiri akanaseka ndi kubalalika. Koma a Sam Motsuenyane, amene anali katswiri wa zaulimi ndipo anatsogolera bungwelo kuyambira 1968, anayenda dziko lonse ndi anzao akusonkhetsa pang'onopang'ono kwa zaka zoposa khumi, mpaka mu 1975 African Bank inatsegula nthambi yake yoyamba ku Ga-Rankuwa, kumpoto chakumadzulo kwa Pretoria. Bankiyo pambuyo pake inalowa m'manja ena, ndipo mu 2014 inagwa ndi ngongole zosabwezedwa kufikira banki yaikulu ya dzikolo inalowererapo. Imeneyonso ndi nkhani yoyenera kuphunzitsidwa m'kalasi. A Motsuenyane anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 97.

Wachiwiri ndi a Herman Mashaba a ku Hammanskraal, amene ambiri muwadziwa ngati andale ndiponso mfumu ya mzinda wa Johannesburg kuyambira 2016 kufikira 2019. Za ndalezo si zathu madzulo ano. Iwowa digiri sanaimalize, popeza sukulu yao inatsekedwa ndi zipolowe mu 1980. Anayamba kuyenda ndi katundu wa makampani ena, kugulitsa khomo ndi khomo, mpaka anafika pogulitsa mankhwala okonzera tsitsi. M'kuyenda kumeneko anaona ndi maso ao kuchuluka kwa amai ofuna mankhwalawo, naona kuti phindu lonse likupita kwa eni fakitale. Mu 1985 anagwirizana ndi anzao, mmodzi wa iwo Mzungu wodziwa kusakaniza mankhwala dzina lake Johan Kriel, nabwereka R30,000 kwa wamalonda wina, a Walter Dube, nayamba kupanga mankhwala ao otchedwa Black Like Me ku Ga-Rankuwa komwe kuja. Mu 1993 fakitale yao inapsa ndi moto, ndipo anayambanso. Chimene ndifuna muone ndi ichi: nzeru ya malondawo sanaipeze atakhala pansi kulingalira. Anaipeza pa makomo a anthu, atamva zimene ogula akufuna, ndipo chimene sankachidziwa anakachifuna kwa wochidziwa.

Kodi zotere zingaphunzitsidwe m'sukulu? Ena amati iai, wamalonda amachita kubadwa. Ine ndiyesa kuti kulimba mtima kwa munthu sikungalembedwe pa bolodi, koma njira yoyesera ganizo, yofunsira ogula ndi yopewera kutaya zambiri, imeneyo ingaphunzitsidwe ndithu, monga momwe mmisiri amaphunzitsira mwana kugwira sompho. Ndipo ndi zimene akuyesa ku Pretoria.

Mu 2016 unduna woona za maphunziro apamwamba unayambitsa nchito yotchedwa EDHE, imene imayendetsedwa ndi bungwe la mayunivesite a dzikolo, lomwe likulu lake liri ku Pretoria. Cholinga chake nchakuti mayunivesite onse 26 a Boma alimbikitse ophunzira kuyambitsa malonda adakali pa sukulu. Kuyambira 2019 pamakhala mpikisano wa chaka ndi chaka, kumene ophunzira amaima pamaso pa oweruza ndi kufotokoza malonda ao m'mphindi zowerengeka. Pali gawo la amene ali ndi ganizo chabe, ndi magawo a amene anayamba kale kugulitsa. Yunivesite ya Pretoria iri ndi malo ake otchedwa TuksNovation, amene tingawayerekeze ndi chikwere cha nkhuku yofungatira: malonda ang'onoang'ono amakhalamo kanthawi, napatsidwa alangizi ndi pogwirira nchito, kufikira atalimba. Kum'mawa kwa mzindawo, pafupi ndi bungwe lofufuza za sayansi la CSIR, boma la chigawo cha Gauteng linamanga The Innovation Hub, ndipo kuchokera kumeneko linatsegula nthambi m'makomboni monga Ga-Rankuwa ndi Mamelodi, kuti mnyamata wa ganizo labwino asalephere chifukwa chosowa ya basi yopitira m'tauni.

Chitsanzo chimodzi chochokera pa Yunivesite ya Pretoria chionetsa bwino malo a wophunzira zamalonda pa nchito yopanga zatsopano. Makina oyezera makutu ngodula, ndipo odziwa kuwagwiritsa nchito ngochepa, kotero ana ambiri osamva bwino amangoyesedwa mbuli m'kalasi, osadziwika bvuto lao. Aphunzitsi awiri a pa sukuluyo, a De Wet Swanepoel odziwa za makutu ndi a Herman Myburgh odziwa za makina, anapanga njira yotchedwa hearScreen, yoyezera makutu ndi lamya ya m'manja ndi zobvala m'makutu zokonzedwa bwino, moti wazaumoyo wa m'mudzi angathe kuyeza mwana m'mphindi zochepa. Nzeru inali itapezeka. Koma kuti chinthucho chituluke m'chipinda chofufuzira ndi kufika m'sukulu za kutali, panafunika kampani, imene inatchedwa hearX. Panafunika wodziwa kuika mtengo, wodziwa kupeza oikamo ndalama, wodziwa malamulo a katundu wa zachipatala m'maiko osiyanasiyana. Imeneyi ndiyo nchito ya wophunzira zamalonda. Sayenera kudzibvuta kuti iye sadziwa kupanga makina. Ayenera kutuluka m'chigawo chake, akacheze ndi anzake a zaulimi, a zachipatala ndi a zomangamanga, popeza chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kukanakhala kwa ine, sindikanalola kuti wophunzira zamalonda amalize zaka zitatu asanagwirepo nchito imodzi pamodzi ndi wa chigawo china.

Tsopano za kaphunzitsidwe. Chizolowezi cha sukulu zambiri ndicho kuuza wophunzira kuti alembe ndondomeko ya malonda, chikalata cha masamba makumi atatu chonena za ndalama zimene adzapeze chaka choyamba, chachiwiri mpaka chachisanu. Wophunzira amalemba bwino, napatsidwa malikisi, koma sanalankhulepo ndi wogula ndi mmodzi yemwe. Ziwerengero zonsezo nzolota. Akulu anati safunsa anadya phula. Mai wina wophunzira, a Saras Sarasvathy, anafufuza kaganizidwe ka anthu 27 amene anayambitsa makampani opambana ku America, nafalitsa zimene anapeza mu 2001. Anaona kuti anthuwa kawirikawiri sayamba ndi kuwerengera phindu lalikulu la m'tsogolo. Amayamba ndi zimene ali nazo: iwo ndani, adziwa chiani, adziwana ndi yani. Ndipo asanaike ndalama amadzifunsa kuti: kodi ndi zingati zimene ndingataye popanda kugwa nazo? Agogo athu anainena kale nkhaniyi pamene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mphunzitsi wina wa pa Yunivesite ya Stanford, a Tina Seelig, anayesa njira imene mphunzitsi ali yense wa ku Lusaka, ku Zomba kapena ku Gweru angaichite mawa lomwe. Anagawa ophunzira m'magulu, napatsa gulu liri lonse envulopu ya madola 5. Analoledwa kuganiza masiku angapo, koma akangotsegula envulopuyo anali ndi maola awiri okha opezera phindu, kenaka nkudzafotokoza m'kalasi kwa mphindi zitatu. Magulu amene anapambana sanaikhudze nkomwe ndalamayo. Ena anaima pa bwalo la sukulu napopera anzao matayala a njinga. Ena anakasungitsa malo m'nyumba zodyera zodzaza anthu, nagulitsa malowo kwa otopa ndi mzere. Gulu limene linaposa onse linazindikira kuti chuma chake chenicheni si madola 5 aja kapena maola awiri, koma mphindi zitatu zoima pamaso pa kalasi. Linagulitsa mphindizo kwa kampani yofuna kulemba ophunzirawo nchito, nilandira madola 650. Palibe buku limene likanawauza zimenezo.

Nthawi ya pa sukulu ndiyo yabwino kuyesera zotere, chifukwa kugwa kwake nkwapafupi. Wophunzira alibe mkazi ndi ana omdalira, ndipo wazunguliridwa ndi anzake zikwi amene amadya, amachapa, amameta, amasindikiza mapepala ndi kukwera galimoto tsiku ndi tsiku. Akayesa kugulitsa kanthu nataya ndalama ya masiku awiri, waphunzira za mtengo ndi za ngongole zimene mnzake adzaziphunzira ali ndi zaka 40, atataya penshoni yake yonse.

Komabe ndisakunamizeni. Malonda ambiri atsopano amafa asanakule, ndipo si wophunzira ali yense amene ayenera kukhala mwini kampani. Dziko lifunanso osunga mabuku okhulupirika, ndipo wa maganizo atsopano amathandizanso ngakhale atalembedwa nchito. Mipikisano ija nayonso iri ndi msampha wake: pali achinyamata ena amene asanduka akatswiri olankhula pamaso pa oweruza, namayenda mpikisano uno ndi uno, osagulitsa kanthu kwa munthu weniweni. Ndiponso nkosayenera kuti Boma liri lonse liuze achinyamata kuti dzilembeni nchito nokha, pamene magetsi akuthimathima, chiphaso cha malonda chikutenga miyezi, ndipo banki ikufuna chikole cha nyumba kwa mwana amene alibe ndi njinga yomwe. Anthu akamanena za Pretoria amakonda kutchula a Elon Musk, amene anabadwira kumeneko mu 1971 nakhalako pa yunivesite miyezi yochepa asanapite ku Canada. Koma nkhani yao sitithandiza kwenikweni, popeza chuma chao anakachipangira ku America. Kwa mwana wa ku Mamelodi, wa ku Ndirande kapena wa ku Matero, R70 ija ya mu 1964 iri ndi phunziro loposa.

Kwathu kuno mbeu yomweyi yayamba kumera. Ku Lusaka kuli BongoHive kuyambira 2011. Ku Lilongwe kuli mHub, imene inayambitsidwa ndi mai Rachel Sibande. Ndipo sukulu ya Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka yunivesite ya zamalonda ndi luso, MUBAS, mu 2021. Koma nyumba zimenezi sizingachite zambiri ngati kunyumba kwenikweni mwana akumana ndi chitonzo.

Choncho mau anga otsiriza apite kwa inu makolo. Ndidziwa kuti ena munagulitsa ng'ombe, ena munapinyolitsa munda kuti mwana afike pa yunivesite, ndipo mtima umawawa kumva anansi akunong'onezana kuti mwana wa uje, ndi digiri yake yonse ija, akugulitsa mazira. Musafulumire kumkalipira. Mufunseni kuti thireyi akugula zingati, akugulitsa zingati, angati amasweka pa njira, ndani amene amatenga pa ngongole osabweza. Akayankha bwino, dziwani kuti sukulu ikugwira nchito. Ndipo akabwera ku tchuthi cha December, inu amene muli ndi okala, chigayo kapena benchi ya tomato pa msika, mpatseni kope ndi pensulo, akhale nanu pamenepo mlungu wathunthu, alembe chiri chonse cholowa ndi chotuluka, kenaka akuuzeni chinthu chimodzi chimene iye angasinthe. Mwina adzalakwa, ndipo inu mudzamkonza, popeza msikawo muudziwa kuposa iye. Mwinanso adzaona kabowo kamene ndalama zanu zakhala zikudonthera zaka zonsezi.

Mlungu wamawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakambirana za magulu osonkherana ndalama, amene ku South Africa amawatcha stokvel ndipo kwathu timati chipereganyu kapena chilimba, ndi momwe angathandizire wachinyamata kupeza mpamba.